Guro ndi Mwana wa M'sitima

Akuluakulu onse a ku Coon Prairie, mudzi wathu wa ku Amereka, anamwapo khofi wa Guro Haugen. Ife tinamudziwa atakalamba kale, mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mokoka mwendo wakumanzere. Ankakhala yekha m'kanyumba kamitengo kumunsi kwa tchalitchi, koma chilimwe chilichonse kanyumbako kankadzaza ndi alendo ongofika kumene kuchokera ku Norway, anthu onunkhabe fungo la m'sitima, osowa pofikira. Alendowo ankati Guro ndi mayi wopanda mwana, ndipo iye sankawatsutsa.

Anabadwira m'chigwa cha Valdres ku Norway m'chaka cha 1826, pa kamunda ka m'phiri kamene sikanali ka bambo ake. Banja lonse linkagwirira ntchito mwini malo kuti lisachotsedwe. Atakula anakwatiwa ndi Tollef, mwamuna wofatsa amene ankatha tsiku lonse atangolankhula mawu asanu. Masiku amenewo makalata ochokera ku Amereka ankawerengedwa mokweza panja pa tchalitchi, ndipo onse ankanena chimodzimodzi: nthaka yakuda bii, yopanda mwala, yoti munthu atenge mmene angathere. Tsiku lina akuchokera kumapemphero Tollef anangoti, "Miyala yanditopetsa ine." Guro anadziwa kuti nkhani yatha.

M'chaka cha 1853 anagulitsa ng'ombe yawo, nadzaza bokosi lalikulu ndi mikate yopyapyala youma, nyama yamchere, batala ndi tchizi. Anali ndi khanda la miyezi inayi, dzina lake Syver. Anakwera sitima ya matanga padoko la Drammen pamodzi ndi anthu oposa mazana awiri, onse atapanikizana pansi ngati nkhosa m'khola.

M'sabata yachitatu chikuku chinalowa. Chinatenga ana asanu ndi mmodzi, ndipo Syver anali wachinayi. Anamusokera m'kansalu ka thanga, mkulu wa sitima anawerenga mawu a m'buku, kenaka madzi anatsekeka. Tollef anagwira diresi ya mkazi wake mwamphamvu mpaka inang'ambika, poopa kuti amutsatira. Guro anabwerera pogona pake, nagona choyang'ana kukhoma. Mabere anatupa. Anawamanga ndi nsalu koma mkaka unkangotuluka, kunyowetsa zovala.

Pafupi ndi iwo pankagona Endre ndi mkazi wake Berit, a kumtunda kwa chigwa chomwecho. Patangopita masiku asanu Berit anabereka mwana wamkazi, ndipo pa tsiku lachitatu malungo a uchembere anamutenga. Endre ankanyika kansanza m'madzi a shuga n'kumayamwitsa khandalo, koma linkangolira, mawu akunka nachepa.

M'sitimamo munalinso Jorand, mayi wamasiye wa kwawo kwa Guro, wa pakamwa posabisa mawu. Iye anangolanda khandalo m'manja mwa Endre, nakaliika pamiyendo pa Guro.

"Iwe Guro, maso akulira, mabere akuliranso. Uyu akulira njala. Ukudikira abusa kuti adzakuuze chochita?"

"Si wanga," anatero Guro.

"Ndani wati ndi wako? Ine ndati muyamwitse."

Anamuyamwitsa, nkhope atatembenuzira kukhoma. Masiku anayi anachita choncho, osafuna kuona nkhope ya mwanayo. Pa tsiku lachisanu kadzanja kanakola tsitsi lake, ndipo pofuna kukamasula anayang'ana pansi. Kuyambira pamenepo sanam'bwezenso kwa Endre. Anamutcha Rangdi, dzina la agogo ake a Berit.

Anafika padoko la Quebec patatha masabata asanu ndi anayi. Kuchokera kumeneko inali sitima ya mumtsinje, ya panjanji, ya panyanja mpaka ku Milwaukee, kenaka ngolo ya ng'ombe mpaka ku Coon Prairie. Tollef anakumba chinyumba m'mbali mwa kaphiri kuti chisanu choyamba chisawaphe. Masamba atayamba kuyoyoka, Endre, amene anafika nawo limodzi kumeneko, anamanga kamtolo kake.

"Ndikupita kumpoto kukadula mitengo. Chisanu chikatha ndibwera, ndidzamutenga."

Analemba makalata awiri, kenaka zii.

Guro sanaberekenso. Rangdi ndiye anakhala mwana wa m'nyumbamo. Anali wolongolola, mwakuti anthu ankaseka kuti akulankhulira Tollef yemwe. Ankaopa atsekwe, ankakonda kukwera pamapewa a Tollef popita kumunda wa tirigu, ndipo khutu lake lakumanzere linkatuluka mafinya chisanu chilichonse. Guro sanamubisire kanthu. Ankamuuza kuti mayi ake omubereka, Berit, ali m'nyanja, ndipo bambo ake, Endre, ali kunkhalango. Mwanayo ankamvetsera ngati nthano, akatero n'kufunsa, "Amayi, phala lapsa?"

Mu Juni 1865, nkhondo yapachiweniweni itangotha, ngolo yokutidwa ndi nsalu inaima pachipata. Guro anali akuyanika zovala. Munatsika mwamuna wandevu, dzanja lake lamanja lopanda zala ziwiri, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wachitsikana woyembekezera, atanyamula mwana wina pachiuno. Guro anamuzindikira ndi kayendedwe.

"Guro," anatero Endre, chipewa chili m'manja. "Uyu ndi mkazi wanga, Sigri. Tikupita ku Minnesota, boma likupereka malo kumeneko. Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

"Chisanu chako chija chatha lero?"

Endre sanakwiye. Anakhala pachitsa nafotokoza zonse. Zaka zoyamba analibe nyumba yoti n'kuikamo mwana. Kenaka manyazi anamugwira, ndipo chaka chilichonse ankakulirakulira. Kenaka nkhondo. Ali gone m'chipatala cha asilikali, akuona anzake akutulutsidwa m'mawa uliwonse, analumbira kuti akadzuka adzachita zimene analonjeza Berit, kuti mwana wawo adzakulira pa nthaka ya bambo ake.

Guro anayang'ana mimba ya Sigri. "Mukufuna mwana kapena wantchito?"

Sigri anafiira nkhope mpaka m'makutu. "Ine sindinapemphe zimenezi, mayi. Ndinamuuza kuti amusiye."

Rangdi, amene anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anaima pakhomo ndi ndowa ya mkaka, akuyang'ana uku ndi uku.

Nkhani inapita kwa abusa. Abusa anamvetsera onse awiri, nausa moyo, n'kunena kuti Guro wachita ntchito imene Mulungu yekha ndiye angaibweze, koma mwana ndi wa bambo ake, ndipo ngakhale kukhoti akanena zomwezo. Potuluka, Jorand anakoka Guro pambali.

"M'bweretse kwanga, ndim'bisa kudenga. Akabwera wandevu zakeyo ndimuthira madzi otentha. Ngolo siingadikire mpaka kalekale."

Guro anapita kunyumba mtima uli m'malo. Anapeza Tollef akunola chikwakwa, namuuza za nzeru ya Jorand. Tollef anapitiriza kunola kwa kanthawi.

"Akanakhala Syver," anatero, osakweza maso. "Akanakhala kuti ali moyo kwinakwake, ine n'kupita kukam'tenga, anthu n'kum'bisa kudenga."

Guro anamuyang'ana mwamuna wakeyo. Analowa m'nyumba nayamba kupinda zovala za Rangdi.

M'mawa wa ulendo, Rangdi anakakamira mwendo wa tebulo. Guro anagwada pambali pake. "Dzuka, mwanawe. Taona, inenso ndavala nsapato. Tiyendera limodzi." Mwanayo anayang'ana nsapatozo, nasiya tebulo. Tollef anamupsompsona pamutu n'kuthawira kukhola.

Masiku awiri Guro anayenda pambali pa ngolo. Rangdi anali wosangalala, akumuonetsa mbalame ndi nyumba za eni ake, ndipo anasuntha mabokosi m'ngolomo kuti Guro apeze pokhala akatopa. Guro sanakwere. Ankayenda pafupi ndi Sigri, akulankhula motsitsa.

"Khutu lakumanzerelo, mphepo ikayamba muzim'manga mpango. Likatupa, mafuta ofunda, osati otentha. Mkaka wosasa sadya, musam'kakamize. Akakhala chete ndiye kuti wadwala, chifukwa ameneyu sakhala chete. Akalakwa musam'kalipire pa anthu."

"Ndamva, mayi," ankatero Sigri, misozi ili m'maso. "Ndamva."

Masana a tsiku lachiwiri anafika ku La Crosse, pamene pantoni inkaolotsa ngolo pa mtsinje wa Mississippi. Panali chipwirikiti, ngolo zoposa makumi awiri zikudikira, Majeremani, Maairishi, anthu akwathu, aliyense akukalipira ng'ombe m'chilankhulo chake. Nthawi yawo itakwana, Guro anati, "Rangdi, thamanga kutsogolo ukagwire khola la nkhuku lisagwere m'madzi." Mwanayo anathamanga. Guro anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mapazi ake anaponda mchenga.

Pantoni inasuntha. Rangdi anacheuka, naona madzi pakati pawo. Kukuwa kwake kunadzidzimutsa akavalo a ngolo ina. Endre anamugwira m'chiuno akufuna kudumpha, ndipo mwanayo anamuluma pamkono. Guro anaima pomwepo, manja ali m'thumba la epuloni, mpaka mawuwo anasiya kumveka. Pobwerera anagwa m'dzenje la pamsewu navulala chiuno, koma anafika ndithu, patatha masiku atatu. Tollef anam'landira pachipata. Guro anam'dutsa, ndipo sanam'lankhule mpaka tirigu atakololedwa.

Guro ankatha kuwerenga koma osati kulemba, choncho Tollef ndiye ankalemba makalata, mwezi ndi mwezi, mkazi wake akum'nenera mawu. Mayankho ankabwera kawiri pa chaka, olembedwa ndi Sigri: mwana ali bwino, watalika, walowa mpingo. Rangdi ankadziwa kulemba, Tollef yemweyo ndiye anam'phunzitsa, koma sanaikepo ngakhale dzina lake.

Tollef anamwalira ndi chibayo mu 1876. Atatsala pang'ono anafunsa, "Guro, kodi ndinalakwa tsiku lija?"

"Sindikudziwa, Tollef," anayankha, akum'pukuta pamphumi. "Ndaganiza zaka zonsezi, sindikudziwa."

Atatsala yekha anabwereketsa munda nayamba kulandira alendo. Zaka zimenezo anthu ankatsika ngati dzombe, mabanja athunthu ochokera m'madera a ku Norway, ku Sogn, ku Gudbrandsdal, ku Biri, malo abwino onse atatha kale. Ankagona kwa Guro mwezi, ena chisanu chonse, asanapitirire kumadzulo. Guro ankawapesa nsabwe, kuwaphunzitsa mawu a Chingerezi ogulira mchere, ndi kuwachenjeza za anthu ogulitsa akavalo odwala. Ana a alendowo ankawadyetsa ndi kuwasambitsa, koma sankawanyamula.

Mu 1886 kalata ya Sigri inanena kuti Endre wamwalira, ndi kuti Rangdi ali ku Dakota, kutali kumadzulo, ndi mwamuna wake Amund ndi ana asanu. Pansi pake Sigri analemba dzina la siteshoni, nawonjezera kuti, "Pitani, mayi. Iye sadzakuitanani, koma pitani."

Guro anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Anasiya ng'ombe yake kwa Jorand.

"Ukakafera m'njira ng'ombeyi ndi yanga," anatero Jorand. "Ndipo usakalire pamaso pa mkamwini, nkhope yakoyo ndi yoipa kale."

Ku Dakota kunalibe mtengo ngakhale umodzi woti diso lipumirepo. Amund anam'tenga pasiteshoni ndi ngolo, munthu wansangala, wokamba za tirigu njira yonse. Pakhomo panaima mayi wamtali, wowonda, nkhope yake ya Berit yeniyeni.

"Mwafika, Guro," anatero Rangdi, nam'patsa dzanja. "Lowani, khofi wapsa."

Anaitana ana ake, amene ankalankhulana Chingerezi okhaokha, nawauza kuti, "Awa ndi amene anandiyamwitsa m'sitima. Apatseni moni." Anawo anapereka moni mwaulemu n'kubwerera kumasewera.

Sabata yathunthu inatha motero. Anam'patsa bedi labwino koposa, nyama yabwino koposa, ndipo akafuna kutsuka mbale ankamuuza kuti mlendo sagwira ntchito. Guro ankaona kuti Rangdi amatembenuza mutu munthu akamalankhula kumanzere kwake. Khutu lija linali litagontha. Ankaonanso kuti ndi mayi wosalankhulalankhula.

Lolemba lotsatira Guro anatenga khasu osapempha, natsatira Rangdi kukakumba mbatatesi. Anakumba mizere iwiri, mphepo ikuwomba madiresi awo. Kenaka Rangdi anazika khasu lake pansi.

"Bwanji simunandiuze?"

Guro anaweramuka.

"Masiku awiri munayenda pambali pa ngolo. Munati tiyendera limodzi. Ine ndinakukonzerani pokhala. Ndinkaganiza kuti bambo Tollef abwera pambuyo ndi ng'ombe. Munandituma kukagwira nkhuku, Guro. Nkhuku!"

"Ndikanakuuza ukanathawa."

"Inde ndikanathawa! Ndikanathawira kwa ndani? Si kwa inu? Chaka chotsatira ndinathawadi. Ndinayenda tsiku lonse kufuna mtsinje uja, osadziwa kuti uli kutali masabata awiri. Bambo Endre anandipeza ndili m'udzu. Sanandimenye, anangokhala pansi n'kulira. Sigri nayenso sanandimenyepo, ndi munthu wabwino. Koma ana ake asanu ndi mmodzi ndinalera ndine, monga munanenera muja."

"Makalata athu unkawaona?"

"Onse ndinawerenga. Ndinkatenga pepala kuti ndiyankhe, koma pamwamba pake sindinkadziwa kuti ndilembe ndani. Amayi anga sakanandisiya pa pantoni. Ndiye ndikanakutchulani chiyani?"

Guro anali atakonza mawu ambiri m'sitima, za abusa, za lamulo, za zimene Tollef ananena. Onse anam'thawa.

"Zoti ukanathawa n'zoona," anatero pomaliza, "koma si chifukwa chake. Ndinaopa nkhope yako. Ndinadziwa kuti ndikakuuza uli pafupi, n'kukuona ukundiyang'ana, sinditha. Sindinachitire iwe zimene zija. Ndinadzichitira ndekha."

Rangdi anam'yang'ana, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kuzula khasu lake. Anakumba mpaka dzuwa litapendeka. Pobwerera Rangdi ananyamula matumba onse awiri, poona mmene mayiyo ankakokera mwendo, ndipo anafunsa kuti mwendowo unatani. Guro anamuuza. Madzulo ake Rangdi anam'siyira mbale kuti atsuke.

Guro anakhala mpaka mbatatesi zonse zitalowa m'nkhuti. Masiku amenewo Rangdi ankafunsa za Tollef, mmene anafera, ngati mtengo wa maapozi wa kuseri kwa khola udakalipo. Tsiku lina anaseka ndithu, Guro atam'kumbutsa za tsekwe amene anam'thamangitsa mpaka m'tchalitchi. Amund anati agogo akhale chisanu chonse, malo alipo. Rangdi nayenso anati, "Khalani, ngati mukufuna." Guro anaganiza masiku awiri. Anaona kuti m'nyumbamo aliyense ali ndi malo ake, ndipo iye akamalowa m'chipinda nkhani zimasintha. Anati ng'ombe yake ikum'dikira, ndipo Jorand akhoza kuigulitsa.

Atafika kwawo Jorand anam'funsa, "Nanga wakutcha amayi?"

"Ayi."

"Ndiye unapitiranji kutali konseko?"

"Ndamuona. Ali ndi ana asanu, onse onenepa. Khutu lija linagontha."

Kuyambira chaka chimenecho kalata inkabwera Khirisimasi iliyonse, yolembedwa ndi dzanja la Rangdi. Inali yaifupi, yonena za ana, za matalala, za mtengo wa tirigu, ndipo inkayamba ndi mawu akuti "Guro wokondedwa." Guro ankaiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ndipo ankapempha aphunzitsi a sukulu kuti am'lembere yankho tsiku lomwelo.

Anamwalira mu Malichi 1893, atadwala masiku anayi okha. Amene anam'tseka maso anali mayi wina wa ku Sogn amene banja lake linkagona m'nyumbamo chisanu chimenecho, anthu oti anam'dziwa miyezi isanu basi. Uthenga unatumizidwa ku Dakota, koma njanji inali itatsekeka ndi chipale chofewa, ndipo Rangdi anafika patapita masiku khumi maliro ataikidwa. Jorand, atagwira ndodo, anam'tengera kumanda kukamuonetsa pamene anam'goneka pambali pa Tollef. Rangdi anaima pamenepo nthawi yaitali. Atachoka anapempha kuti agone m'kanyumba kaja, ndipo a ku Sogn aja anam'patsa bedi la Guro. Anakhala masiku awiri, nagawira anthuwo ziwiya ndi zofunda zonse, ng'ombe n'kupatsa Jorand, kenaka anabwerera kwa ana ake.

Malowo anagulidwa ndi mnansi. Kanyumbako anakaphwasula chaka chotsatira, ndipo mitengo yake anamangira chigafa cha fodya.